Mutu 7: Kalata Yokhala ndi Mano

1. Dzina pakati pa ng'ombe

Bwana Hallet wamkulu adamwalira fodya atangolowa m'zigafa, m'chaka cha 1668. Dothi la pamanda lisanaume n'komwe, ana ake awiri, Josias ndi mng'ono wake, adayamba kulimbirana munda ngati kuti bambo wawo adawasiyira dziko lonse la Virginia. Oweruza atatopa ndi phokoso la awiriwo, adatuma anthu kuti akalembe katundu yense wa malemu. Bokosi la makalata a malemuwo lidamatidwa phula n'kupita kukasungidwa kubwalo la milandu.

Tsiku lolemba katundulo, Keziah ankakonola chimanga pakhomo. Anali mtsikana wakuda, wamtali, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Adabadwira pamunda pomwepo. Amayi ake, a Dorcas, adamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kuyambira pamenepo ankagwira ntchito za m'nyumba ya a Hallet monga amachitira mwana wamasiye wosungidwa ndi eni.

Olemba katundu anali awiri. Wina ankafuula, wina ankalemba.

"Ng'ombe zisanu ndi ziwiri! Nkhumba khumi! Miphika itatu, umodzi wobooka!"

Adafika pa Nuala, mtsikana wa ku Ireland wa tsitsi lofiira ndi pakamwa posatseka.

"Nuala, wantchito wapangano, zatsala zaka ziwiri!"

"Ziwiri kuchotsapo miyezi itatu, bambo," adatero Nuala. "Musandibere. Ine ndimawerenga ngakhale ndili m'tulo."

Adafika pa a Domingo, mmisiri wopanga migolo yotumiziramo fodya, bambo wa imvi za apo ndi apo.

"Domingo, mmisiri, kapolo!"

A Domingo sadatukule mutu. Adangopitiriza kukhoma mgolo wawo.

Kenaka wofuulayo adaima pafupi ndi mtondo wa Keziah, nacheukira Josias. "Nanga uyu, zatsala zaka zingati?"

"Zaka za chiyani?" adayankha Josias. "Khungu simukuliona? Lembani kapolo. Amake anali kapolo wa bambo."

"Amayi sanali kapolo!" Keziah adafuula, munsi uli m'manja.

"Tseka pakamwa iwe. Katundu sayankhula."

Wolembayo adanyika nthenga mu inki. Sadafunse mboni, sadafunse m'busa, sadamuyang'ane ngakhale mtsikanayo kumaso. Adalemba liwu limodzi lokha pansi pa miphika, n'kupita kukawerenga makasu.

2. Bwato la Nuala

Patatha milungu iwiri, Loweruka masana, Keziah ndi Nuala ankatsitsa fodya wouma m'chigafa. Nuala adasuzumira panja kawiri, kenaka adamukoka mnzake mkono.

"Ndamva ndi makutu angawa, ndikupereka mowa patebulo. Josias wakugulitsa. Kuli chombo padoko chopita ku Barbados, kuminda ya nzimbe. Lolemba akakusiya kumeneko, mng'ono wake asanadziwe."

Fodya adagwa m'manja mwa Keziah. Za Barbados aliyense ankazidziwa. Opita kumeneko sankamvekanso.

"Usaime ngati chitsa, mtsikana iwe," adatero Nuala. "Ndabisa bwato m'bango. Mawa onse akapita kutchalitchi, ife tipalasa. Dzuwa likamalowa tidzakhala tili kutsidya. Nanenso ndatopa nazo mphutsi za fodyazi."

"Ndili ndi kalata," Keziah adanong'ona.

"Kalata ya chiyani?"

Keziah adapisa dzanja m'chifuwa natulutsa kathumba kachikopa. M'menemo munali pepala lopindidwa, lachikasu ndi ukalamba. Amayi ake adampatsa tsiku lomwe adamwalira, n'kumuuza kuti asadzalinyowetse, asadzalionetse munthu wamba. Zolembedwazo Keziah sankazidziwa, poti sukulu adangoimva dzina. Koma ankadziwa kuti amayi ake sakadasunga chinthu chachabe pafupi ndi mtima zaka zonse zija.

Nuala adalitembenuza uku ndi uku. Naye kuwerenga zilembo kunali kutali. Kalata yapangano anali asanaionepo, chifukwa iye adangogwidwa padoko kwawo n'kuponyedwa m'chombo, ndipo zaka zake zisanu adachita kumugamulira oweruza atafika kuno.

"Ichi?" Nuala adaseka. "Taona m'mbalimu. Makoswe anadya kalekale, n'kusiya mano okhaokha. Ukapita nacho kwa oweruza chisanza chimenechi, akakuseka mpaka kugwa pamipando. Bola ukanachidulako bwinobwino kuti chioneke ngati kalata ya munthu."

Keziah adayang'anitsitsa. Zoonadi, mbali ya pamwamba ya pepalalo inali yokhotakhota, yolowa ndi kutuluka ngati mano a macheka. Manyazi adamugwira. Adaganiza kuti ndiye amene adalephera kusamala chinthu chokhacho chimene amayi ake adamusiyira.

3. Dzino limodzi

Lamulungu m'mawa, a Hallet atakwera akavalo kupita kutchalitchi, Keziah adatenga sizasi ya m'nyumba. Adakakhala kuseri kwa chisakasa cha migolo, nayala kalata ija pabondo. Nuala adaima pambali, phazi likugunda pansi, maso ali kumtsinje.

Sizasi idati khwepu! Dzino limodzi la pepala lidagwera pansi.

Asanadule lachiwiri, dzanja lokhakhala lidamugwira pamkono mwamphamvu mpaka sizasi idagwa.

"Mwana iwe, wapenga?" Anali a Domingo. "Ukudzidula khosi wekha ndi sizasi ya eni?"

"Ndikungokonza, malume. Makoswe anadya."

"Makoswe! Wakuuza ndani?"

Keziah adayang'ana Nuala. Nuala adayang'ana kumwamba.

"Ndinadziwa," adatero a Domingo. "Wakhungu kutsogolera wakhungu mnzake. Safunsa adadya phula. Khalani pansi nonse awiri. Iwe wa tsitsi lamoto, bwato lako silithawa, ndaliona kale m'bangomo."

Atsikanawo adakhala pamatabwa. A Domingo adatola kalata ija ndi manja onse awiri, ngati dzira.

"Tamverani. Munthu akamalowa pangano la zaka kutsidya la nyanja, mlembi amatenga pepala limodzi lalikulu. Amalemba mawu a pangano pamwamba, n'kulembanso omwewo pansi. Pakati amalembapo dzina la wantchito m'zilembo zikuluzikulu. Akatero amatenga mpeni n'kudula pakati pa dzinalo mokhotakhota, dala, osati chifukwa waledzera. Theka amatenga bwana, theka amatenga wantchito. Tsiku la mkangano amaika mapepala awiriwo pamodzi. Mano akalumana, kalata ndi yoona. Akapanda kulumana, wina wanama. Munthu akhoza kutsanzira kalembedwe ka mnzake, koma mano sangawatsanzire. Ukanawadula onsewa, ukanatsala ndi pepala loyatsira kaliwo."

Keziah adagwira pakamwa. Nuala nkhope idafiira kuposa tsitsi lake.

"Amako ndinawaona ndi maso angawa akutsika chombo chochokera kudoko la Bristol, kutsidya la nyanja," adapitiriza a Domingo. "Anali akuda ngati ine ndemwe, koma m'chifuwa anali ndi kalata iyi. Ine ndinatsika chombo china chaka chomwecho, unyolo uli m'miyendo, m'manja mulibe kanthu. Tinkalima mzere umodzi, tinkadya mbale imodzi, chikoti chotimenyera chinalinso chimodzi. Ukanatipeza kumunda sukanatisiyanitsa. Koma amako ankadula kamzere pamtengo wa chigafa chaka chilichonse tikakolola. Mizere itakwana isanu ndi iwiri, bwana anawapatsa chimanga ndi zovala zatsopano, n'kuwauza kuti apite kumene afuna. Sanapite chifukwa anakwatiwa ndi bambo ako, msodzi uja anamira iwe uli m'mimba. Ine nanenso ndinkadula mizere yanga, poyesa kuti ndi mwambo wa dziko lino. Itafika khumi ndi iwiri ndinakafunsa kuti yanga ithera pati. Anandiseka, mwanawe. Anaseka mpaka misozi.

"Kusiyana kwake ndi kumeneko. Wapangano amagulitsa zaka zake, koma mwini thupi amakhalabe iyeyo. Amamenyedwa, amagona ndi njala, ambiri amafa zaka zisanathe, sindikunena kuti n'zabwino. Koma njira yake ili ndi pothera. Kapolo sanagulitse kanthu, iyeyo ndiye anagulitsidwa. Alibe tsiku loliyembekezera. Ndiye pali lamulo latsopanoli loti mwana amatsata mimba. Mayi akakhala mfulu, mwana ndi mfulu. Mayi akakhala kapolo, mwana ndi kapolo, mdzukulu ndi kapolo, mpaka dziko lidzathe. Pamene anakulemba pansi pa miphika paja, Keziah, sanalembe iwe wekha. Analemba ndi ana ako omwe, amene sunawaone."

"Ndiye n'chifukwa chake tikuthawa!" adalowerera Nuala. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bwato lilipo lero. Za makalatazo ndi za mawa."

A Domingo adamuloza ndi chala.

"Iwe ukagwidwa, akukwapula n'kukuwonjezera nthawi, masiku awiri pa tsiku lililonse lothawa. Ukathawa ndi kapolo umagwiranso masiku ake, chifukwa kapolo sangamuwonjezere kanthu. Pa moyo wonse ungawonjezerepo chiyani? Udzalira, udzatukwana monga umachitira, koma udzamaliza. Nanga mnzakoyu? Akangothawa, wavomera yekha kuti ndi katundu wosochera. Palibe woweruza amene adzatambasule kalata ya munthu wogwidwa ndi agalu m'bango. Ndipo akapanda kugwidwa, azidzacheuka moyo wake wonse, galu aliyense akauwa. Amake sanagwire zaka zisanu ndi ziwiri kuti mwana wawo azidzagona m'tchire."

Kutali belu la tchalitchi linkalira.

"Theka linalo lili kuti, malume?" adafunsa Keziah.

"M'bokosi la malemu, ndipo bokosilo lili kubwalo la milandu. Josias sanalitsegulepo, mnyamata uja mapepala amamupweteketsa mutu. Bwalo limakhala Lolemba, ndipo khomo lake layang'anana ndi doko. Ukaonetsetsa, Josias akukunyamula yekha pangolo yake kukakutula pakhomo pa oweruza."

"Nanga likakapezeka kuti mulibe?"

"Ndiye kuti ukwera chombo. Sindingakunamize. Malemu aja ankayatsira kaliwo chilichonse chimene chili pafupi. Ine ndakuuza zimene ndikudziwa. Mwini moyo ndiwe."

Adabwerera kumigolo yawo osacheukanso.

Keziah adagwada n'kuyamba kufufuza m'zipalapala za matabwa mpaka adalipeza dzino la pepala lija, kanthu kochepa ngati chikhadabo. Adalikulunga m'khoko la chimanga n'kulimanga pangodya ya mpango wake wa kumutu.

"Tiye, nthawi ikutha," adatero Nuala.

"Sindipita."

"Ukuti chiyani?"

"Amayi sanathawe. Anamaliza. Ndikanena zimenezo pamaso pa anthu."

Nuala adatukwana m'chinenero cha kwawo, mawu amene sitingawalembe m'buku lino. Adamutcha Keziah chitsiru, bulu, mwana wopanda khutu. Atatha zonsezo adalira, namukumbatira. Bwato lidagona m'bango tsiku limenelo, poti Nuala adati kupalasa wekha kumatopetsa. Madzulo adachapa epuloni yake yoyera, yokhayo imene anali nayo, n'kumubwereka mnzake.

"Ngati ukukafa, ukafe uli waukhondo," adatero.

4. Ulendo wa kudoko

Lolemba m'mamawa ngolo idanyamuka ndi migolo iwiri ya fodya. A Domingo ankayendetsa ng'ombe. Josias anali pakavalo, ndipo Keziah adakhala kumbuyo kwa ngolo, manja ali pamiyendo.

Josias adabwera ndi chingwe, koma ataona kufatsa kwa mtsikanayo adachikoleka pachishalo. "Mwaona, Domingo? Uyu wadziwa malo ake. Pakamwa paja patsekeka."

"Inde, bwana," adayankha a Domingo. "Patsekeka ndithu."

Tsiku la bwalo padoko pamadzaza anthu. Ena amabwera ndi milandu, ena ndi nkhuku, ambiri amangobwera kudzamva za eni. Chombo cha ku Barbados chidaima pakati pa mtsinje. Mkulu wa chombocho, bambo wonenepa wa chipewa chachikulu, ankadikira pansi pa mtengo. Atamuona Keziah adamuzungulira, namutsina mkono monga amachitira ogula mbuzi.

Keziah adamwaza maso. Kumanja kunali nkhalango. Kutsogolo kunali nyumba yamatabwa ya bwalo, chitseko chili chotsegula chifukwa cha kutentha. Panali mtunda wongoponya mwala.

Pamenepo a Domingo, munthu amene adakweza ndi kutsitsa migolo zaka makumi awiri ndi zisanu osagwetsapo ndi umodzi womwe, adachotsa molakwika mphero yochirikiza mgolo. Mgolo wodzaza fodya udagubuduka kuchoka pangolo, nuyamba ulendo wopita kumtsinje.

"Fodya wanga!" adakuwa Josias. "Gwirani! Gwirani mgolowo!"

Onse adathamangira mgolo. Keziah adathamangira chitseko.

5. Mano alumana

M'bwalomo oweruza atatu ankamva mlandu wa nkhumba yolowa m'munda wa eni. Wamkulu wawo anali nkhalamba ya nsidze zoyera, imene maganizo ake anali kale pankhomaliro. Keziah adadutsa pakati pa anthu, naima patsogolo pa tebulo. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

"Mabwana, ndine Keziah, mwana wa Dorcas. Ndinabadwa mfulu, koma akundigulitsa lero, panjapo!"

"N'chiyani chimenechi?" idakalipa nkhalambayo. "Tili pankhumba ife."

Nthawi yomweyo Josias adalowa wefuwefu, matope ali mpaka m'mawondo. "Pepani, mabwana, ndi kapolo wanga wathawa. Ndimutulutsa pompano."

"Wathawa?" woweruza wachiwiri adafunsa. "Ndakhala pampando uno zaka khumi. Kapolo wothawira m'bwalo la milandu ndiyamba kumuona lero. Musiyeni ayankhule."

Anthu adaseka. Mwini nkhumba adakhala pansi mosangalala, poti mlandu wake sunkamuyendera bwino.

Keziah adatulutsa kalata ija naipereka kwa mlembi wa bwalo. Mlembi adaiwerenga mokweza: Dorcas, mkazi wakuda wa ku Bristol, adzagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo zikadzatha adzakhala mfulu.

"Bodza!" adatero Josias. "Aliyense wodziwa kugwira nthenga akhoza kulemba zimenezo. Wantchito wina wamulembera pomulipira ndi mazira akuba. Bambo anga analibe pangano ndi amake. Ndikulumbira."

"Ukuti bwanji, mtsikana?" idafunsa nkhalamba ija.

"Musafunse ine, bwana, ine ndine mwana. Musafunsenso iwowa. Funsani kalatayo, ili ndi mano. Mnzake ali m'bokosi la malemu, ilo lili pakonapo."

Oweruza adayang'anana. Wamkuluyo adapumira m'mwamba, poona kuti nkhomaliro yapita patali. "Tsegulani," adalamula.

Mlembi adaswa phula lija. M'bokosimo munali mapepala ambirimbiri, ena othimbirira, ena opserera m'mbali. Okhala ndi mano adapezeka asanu okha. Mlembi adayala kalata ya Keziah patebulo, natenga loyamba n'kulisendeza pafupi.

Silidalumane. Lachiwiri lidakananso. Lachitatu lidayandikira pang'ono, kenaka lidasiyana pakati. Lachinayi linali lalifupi.

Josias adayamba kumwetulira. Pakhomo, mkulu wa chombo adaima atapinda manja. Keziah adachita mantha enieni, oposa onse amene adawamvapo chibadwire. M'bwalo monse munali zii, ngakhale ana adaleka kulira.

Mlembi adatenga lachisanu. Adalisendeza pang'onopang'ono. Dzino loyamba lidalowa m'malo mwake. Lachiwiri lidalowa. Mapepala awiri aja, amene adasiyana ku Bristol zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo, adakumana kuchokera mbali ina mpaka mbali ina, ndipo zilembo zodulidwa pakati zidakhalanso zathunthu.

Koma pakati penipeni padatsala kadzenje.

"Onani!" adafuula Josias, chala chili patebulo. "Pali mpata apa! Sizikulumana! Lamulo likuti mano onse. Ndi yabodza!"

Woweruza wamkulu adawerama nayang'anitsitsa. "Dzino limodzi palibedi. Ndipo podulidwapa mpatsopano. Wadula ndani?"

"Ndine, bwana," adatero Keziah. "Dzulo. Ndimayesa kuti anadya ndi makoswe, ndiye ndimafuna kukonza kuti musandiseke."

Anthu adaseka ndithu, monga adanenera Nuala. Keziah adawalola kuti amalize. Kenaka adavula mpango wake, namasula mfundo ya pangodya, natambasula khoko la chimanga lija. Adanyowetsa nsonga ya chala, natola kadzino kaja, n'kukaika yekha pakadzenjepo.

Kadalowa ndendende. Pakadzinopo panali theka la chilembo chimene chinkasowa, ndipo mlembi adawerenga dzina lonse mokweza: "DORCAS."

Phokoso limene lidabuka m'bwalomo lidamveka mpaka kuchombo. Amayi ogulitsa nkhuku adalulutira. Antchito apangano amene adadzazana pazenera adaponya zipewa m'mwamba. Ngakhale mwini nkhumba adaimirira n'kuomba m'manja.

"Chete!" idamenya tebulo nkhalamba ija. "Mlembi, tembenuzani pepala la malemulo. Ndikuona ngati kumbuyo kwalembedwa."

Mlembi adatembenuza. "Ndi dzanja la malemu Hallet, bwana. Akuti: Dorcas wamaliza zaka zake zonse mokhulupirika, ndamupatsa zake, ndi mfulu. Chaka cha 1650."

"Mtsikanayu anabadwa liti?"

"Patapita zaka ziwiri, bwana," adayankha mayi wina wachikulire m'gulumo. "Ndinamubadwitsa ndine."

Woweruza wamkulu adayang'ana Josias nthawi yaitali, mpaka mnyamatayo adayamba kuyang'ana matope a pansapato zake.

"Mwalumbira pamaso pathu, a Hallet, ndipo bambo anu akutsutsani ali m'manda. Mlandu suola. Lamulo limene mumafuna kummangira nalo mwanayu ndi lomwelo likummasula. Mwana amatsata mimba, ndipo mimba imene inamubala inali ya mfulu. Mlembi, fufutani dzina lake pakatundu wa malemu. Keziah, mwana wa Dorcas, sunakhalepo kapolo wa munthu. Pita kumene ufuna."

Mlembi adanyika nthenga mu inki nadula mzere pa liwu lija lakuti kapolo. Keziah adapempha kuti aone ndi maso ake, ngakhale sankadziwa kuwerenga. Adauyang'ana mzerewo mpaka inki idauma.

6. Amene alibe kalata

Adatuluka m'bwalo mapepala onse awiri ali m'kathumba, kadzino kaja kali momwemo. Dzuwa linali lomwe lija, doko lomwe lija, koma Keziah ankayenda ngati wakula ndi chikhatho chathunthu. Anthu osawadziwa ankamugwira chanza. Mayi wina adamupatsa chikondamoyo cha chimanga, wina adamuuza kuti akufuna mtsikana wosoka, wolandira malipiro.

A Domingo anali atamva kale. Adakhala pamwamba pa ngolo akuimba mgolo ndi zikhatho ngati ng'oma, nyimbo ya kwawo imene Keziah anali asanaimvepo. Misozi inkatsikira m'ndevu zawo, koma ankaseka.

"Malume! Alumana! Mano onse alumana!"

"Ndamva, mwanawe, ndamva. Ndi lija unadula lomwe?"

"Ndi lomwelo!"

"Ukamuuze wa tsitsi lamoto uja kuti makoswe akupereka moni." Adapukuta maso ndi mkono. "Tsopano mvera. Kalata imeneyo usadzaisiye m'nyumba, usadzaibwereke munthu, ngakhale mwamuna wako. Uphunzire kuwerenga, kuti wina asadzakuuzenso kuti chuma chako ndi chisanza. Ana ako udzawauze dzina la agogo awo. Dzuka, pita, usacheuke. Ine ndadula mizere yambiri pachabe, koma lero wina wamaliza m'maso mwanga. Zandikwanira."

Keziah adapsompsona dzanja lokhakhala lija, nayamba kukwera njira yochoka padoko. Adayenda mwina mapazi makumi atatu. Kenaka adamva mawu a mkulu wa chombo kumbuyo kwake, ndipo adacheuka.

"Munandilonjeza munthu, a Hallet. Chombo changa chinyamuka Lachinayi, ndipo sindichoka chimanjamanja."

Josias adaima pafupi ndi ngolo, nkhope ili gwa ndi manyazi. Adayang'ana mgolo wonyowa uja. Adayang'ana mphero imene idachotsedwa. Kenaka adakweza maso pang'onopang'ono kuyang'ana amene adaichotsa.

"Ku Barbados amisiri a migolo amawafuna, si choncho?" adafunsa.

"Kwambiri," adayankha mkulu wa chombo. "Ameneyu alibe kalata?"

"Ameneyu alibe."

Mkulu wa chombo adayandikira ngolo. "Tsika apo, madala. Tsegula pakamwa ndione mano."

A Domingo adatsika. Adayang'ana Keziah kamodzi kokha n'kupukusa mutu, kumuuza kuti apitirize ulendo wake. Kenaka adatsegula pakamwa.

Njira inali yotseguka patsogolo pa Keziah, ndipo kwa nthawi yoyamba panalibe womuletsa kuitsata. Koma adakumbukira mawu a Nuala m'chigafa muja, akuti Josias ankafuna kumugulitsa iyeyo mwamseri, mng'ono wa Josiasyo asanadziwe. Mlandu wa katundu wa malemu unali usanathe, choncho Josias analibe mphamvu yogulitsa a Domingo payekha, ndipo mpaka Lachinayi panali masiku atatu.

Adamanga mpango wake mwamphamvu, natembenuka kubwerera kubwalo. Oweruza anali atangoyamba kudya nkhomaliro pamene adamva munthu akugogoda pachitseko.